Mbalule Aitana Ndege Zosabwerera

Wambani ng'oma, anyamata a kwa Mtsiliza! Sendezani mbalule pafupi ndi moto, phula lifewe, chikopa chikungike. Mpanje ukhale kudzanja lamanja, gunda kumbuyo. Amayi a pamsika, vundikirani kaye tomato. Akabaza, tsamiritsani njinga pamtengo. Inu owotcherera zitseko ndi mafelemu a mawindo, zimitsani makina, pakuti amene titchule lero ndi wachitsulo mnzanu. Zikomo mafumu, zikomo eni nthaka. Tikutamanda chilombo, ndipo wina asapite kunyumba akunena kuti tachikonda. Ng'ona timaitamanda titaima pamtunda, mkango timautamanda titatseka khola.

Gu! Gudugu! Gu!

Iwe Lancaster! Kadzidzi wachitsulo, Muulukausiku, Mlirapadenga la eni, Chigwetsamizinda! Mwana wa Roy Chadwick, wosulidwa m'mafakitale a Avro ku England. Mkulu wako Manchester adabadwa ndi injini ziwiri zodwaladwala nachititsa banja manyazi. Iwe adakupachika zinayi za Rolls-Royce Merlin, ndipo pa 9 Januwale 1941 udasiya nthaka koyamba. Mapikoatali, mamita 31 kuchokera nsonga kufika nsonga. Michiraiwiri. Mimbayamoto, mimba ya mamita 10 yopanda mpanda pakati, yomeza matani 6 a mabomba n'kufunsanso ngati atsalako ena. Mu 1945 adakumezetsa bomba limodzi lokha la matani 10. Udabuula, koma udauluka nalo. Chidakwa cha petulo, wa matanki odzaza ndi malita oposa 9,000: inu a njinga zamoto amene mumagona pamzere wa mafuta kudikira malita atatu, werengerani nokha.

Kuno ndege ya usiku timaidziwa m'nkhani za ufiti: lichero, mikanda, mchira wa fisi, n'kugwa mbandakucha pakhomo pa munthu wokhwima, khamu n'kusonkhana. Iwe sudafune lichero. Ufiti wako udajambulidwa papepala ndi akatswiri a masamu, boma n'kulipira, nyuzipepala n'kuomba m'manja.

Mudabadwa 7,377. Mudanyamuka maulendo 156,000 kupita kwa mdani pankhondo ya Hitler, ndipo 3,249 a inu adatsala komweko. Opitirira maulendo 100 adali 35 okha. Mmodzi wa iwo, S-Sugar wa maulendo 137, lero wakhala phee m'nyumba yosungira zakale ku Hendon, London, ana a sukulu akumujambula ndi mafoni. Tchulanso abale ake, mbalule, angakwiye: Halifax, Msenzamtolo wosayamikidwa, ndi Stirling, Miyendoitali, wolephera kukwera m'mwamba, amene mizinga inkamupeza msanga chifukwa ankayenda mmunsi mwa anzake.

Mbalule, tchula mfunda wake!

Woyamba kukulandira adali mnansi wathu. Gulu la 44 la RAF, asilikali a ndege a Britain, limene lidapatsidwa dzina la Rhodesia polemekeza anyamata achizungu a kutsidya kwa Zambezi amene adali m'menemo, lidakulandira mu Disembala 1941 pa bwalo la Waddington. Pachizindikiro chawo padali njovu, yotengedwa pa chidindo cha mfumu Lobengula ya Amandebele, pansi pake mawu oti mphenzi za mfumu n'zolungama. Njovu ya mfumu imene adailanda dziko, kuivala pachifuwa popita kukamenyera ufulu wa ena! Mbalule, seka pang'ono, koma usataye mapazi. Ndipo mwini khola lonse, Arthur Harris, amene adapatsidwa Bomber Command, gulu lonse la ndege za mabomba, mu Febuluwale 1942, naye adapondapo fumbi la komweko. Adafika ku Rhodesia mu 1910 ali mnyamata, nagwira ntchito m'mafamu, ndipo pa nkhondo ya Chiwaya adalowa usilikali ngati woimba lipenga. Mlizalipenga amene adadzaliza mizinda!

Pa 17 Epulo 1942 adakutumani masana, kadzidzi wopanda mdima wobisalamo. Ndege 12, zisanu ndi imodzi za gulu la njovu, zisanu ndi imodzi za gulu la 97, kukaphwanya fakitale ya MAN ku Augsburg, kumene ankapanga injini za sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi. Patsogolo John Nettleton, wobadwira ku Nongoma kwa Azulu. Mudauluka mokwawa, mimba zikupala nsonga za mitengo. Zinayi za Nettleton zidagwetsedwa zisanatuluke mu France. Ziwiri zidafika, ina idagwa itangoponya. Mwa gulu la njovu, Nettleton yekha, ndege ili zibowo zokhazokha, adatera usiku pafupi ndi Blackpool. Mwa 12 zija zidabwerera zisanu. Nettleton adamuveka mendulo ya Victoria Cross, ndipo mu Julayi 1943, pochokera ku Turin, naye sadaonekenso.

Tindi! Tindi! Tindindi! Tsitsani mpanje, titchule ana a m'mimba mwa chilombo. Adali asanu ndi awiri, ambiri a zaka 20, 21, 22, msinkhu wanu womwewu inu oimba ng'oma.

Inu woyendetsa, Mgwirachiwongolero, wokhala nokha popanda wachiwiri wokulandirani. Ena a inu mudayendetsa ndege ya injini zinayi musanaphunzire galimoto. Inu injiniya, Mverainjini, wa pakampando kopinda, maso pa mageji a mafuta, wodziwa ndi khutu lokha kuti yachitatu yayamba kutsokomola. Inu wolondola njira, Mbisalakuseri kwa katani, wa kanyali, pensulo ndi mapu, wowerenga mphepo ndi nyenyezi, amene nkhondo simunkaiona ndi maso koma munkaimva ikugogoda pansi pa tebulo lanu. Inu wa wayilesi, Mkhalapofunda, wotuluka thukuta anzanu akuuma ndi chisanu, wosunga nkhunda m'bokosi kuti mukagwera m'nyanja ikanene kwanu. Inu woponya, Mgonachafufumimba pamphuno pa ndege, wonena kuti kumanzere, kumanzere, gwirani pomwepo, chala chili pa batani, m'mphindi zimene ndege siyenera kukhota ngakhale thambo lonse likuphulika. Inu wa mfuti wapamsana, mutu m'chigoba cha galasi, Mzungulirazungulira.

Ndipo inu wa kumchira. Gunda, lira wekha apa.

Mtsalakumbuyo, Mlondawamdima, woyenda chambuyo ulendo wonse, woona kumene mwachokera osaona kumene mukupita! Kachipinda kanu kadali kothina kotero kuti parachuti munkaisiya kunja kwa chitseko, kumsana kwanu. Kuzizira kunkafika madigiri 40 pansi pa ziro, komabe ambiri a inu munkachotsa dala galasi lapakati, kuti kadontho ka mafuta kangaoneke ngati mdani, kapena mdani ngati kadontho. Mfuti zinayi, maola 8 osaphethira, mawondo osatambasula. Chala chikakhudza chitsulo popanda golovesi, khungu linkatsala pomwepo. Anzanu asanu ndi mmodzi munkawamva m'makutu mokha, m'waya. Mdani akabwera kumbuyo ankayamba ndi inu, ndipo nthawi zina ndege inkatera bwinobwino, onse n'kutsika akuseka, inu nokha osatsegula chitseko.

Musananyamuke ankakukazingirani dzira lenileni, m'dziko limene mazira ankagawidwa mowerenga. Ena munkakodzera tayala la kumchira kuti mubwerere, ena sikafu ya chibwenzi m'khosi, ena kachidole m'thumba. Azungu nawo ali ndi zithumwa zawo, asatinamize. Mlingo udali maulendo 30, ukakwanitsa upume. Mwa anyamata 125,000 amene adauluka pansi pa Bomber Command, 55,573 adafa. Wokana kukwera, mantha atamugwira m'mawondo, ankamuthothola nyota pamaso pa anzake, namulembera kuti alibe mtima, nam'patsa tsache. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, amatero akuluakulu. Koma akuluakulu aja sadakwerepo Lancaster. Anyamatawa ankaopa, ankasanza, nakwerabe.

Ndipo m'mimbamo simudali azungu okha. Tchula Johnny Smythe wa ku Freetown, Sierra Leone, wolondola njira mu Stirling, wogwetsedwa mu Novembala 1943, wokhala miyezi 18 m'ndende ya Ajeremani, amene adadzakhala loya wamkulu wa boma kwawo. Tchula Cy Grant wa ku Guyana, wogwa ndi Lancaster ku Netherlands mu Juni 1943. Tchula Akin Shenbanjo wa ku Nigeria, wa wayilesi mu Halifax, amene anzake adalemba dzina lake lomutamandira pamphuno pa ndege yawo, Black Prince.

Pha! Pha! Phapha! Mbalule, werenga mabala.

Kunkayamba kuwala. Nyali zikuluzikulu za pansi zinkasesa thambo, imodzi ikakupeza zinzake zonse n'kukuunjirira, iwe mbee pakati, woyendetsa maso atachita chidima. Kenaka mizinga ya mamilimita 88 inkatumiza zipolopolo zophulikira m'mwamba, zidutswa zake n'kuboola aluminiyamu wako wopyapyala, kudula mapaipi a mafuta, mawaya ndi mitsempha ya anthu. Nthawi zina bala linkachokera kwa mbale wako wouluka pamwamba pako, bomba lake n'kupyoza phiko lako mumdima. Koma loopsa koposa lidali losaoneka. Mimba yako idalibe mfuti, idalibe diso, ndipo kuyambira 1943 ndege za usiku za Ajeremani zidaikidwa mizinga yoloza kumwamba. Zinkanyang'ama pansi pako, n'kulasa phiko pakati pa injini ziwiri, pamene pali matanki a petulo. Ambiri adapsa osadziwa chawapha. Khomo lothawira, pansi pa mphuno, lidali laling'ono kwa munthu wovala zochindikala ndi parachuti, ndipo Freeman Dyson, wamasamu wa Bomber Command, adawerenga kuti mwa anthu 100 a m'ma Lancaster ogwetsedwa, 15 okha ndiwo ankatuluka amoyo. Usiku umodzi, wa pa 30 Malichi 1944, ulendo wa ku Nuremberg, zidanyamuka 795, ndipo 95 sizidabwerere.

Tamandani William Reid, Mgwiramagazi! Pa 3 Novembala 1943, panjira ya ku Düsseldorf, galasi lakutsogolo litasweka, iye atalasidwa m'mutu, paphewa ndi m'manja, wolondola njira atafa, wa wayilesi akutsirizika, adapitirira, naponya, nabwerera akulondola mwezi ndi nyenyezi, kukomoka n'kutsitsimuka, mpaka miyendo ya ndege idathyoka potera ku Shipdham. Tamandani Norman Jackson, Mkwerapaphiko! Mu Epulo 1944 injiniya ameneyu adatuluka panja ndege ikuthamanga, chozimira moto chili m'jekete, nakwawira paphiko loyaka. Moto udamuwawula, mphepo idamukokolola, parachuti ikunyeka, koma adafika pansi wamoyo. Tamandani Nicholas Alkemade, Mgwaosafa! Pa 24 Malichi 1944 wa kumchira ameneyu adatsegula chitseko napeza parachuti yake ili lawilawi. Adasankha kufa ndi kugwa kusiyana ndi kupsa, nadziponya kuchokera mamita 5,500. Nthambi za paini ndi chipale chofewa zidamuwakha. Adangobinya mwendo. Ajeremani adakana kukhulupirira mpaka adakafufuza okha m'chigoba cha ndege. Kwa Mtsiliza tikadangoti ngokhwima.

Iwe Lancaster, asuweni ako a ku America ankayenda masana. B-17, Lingalouluka, wa anthu 10 ndi mfuti mbali zonse. B-24, Mapikoopyapyala, wobadwa oposa 18,000. Ndipo mabala awo ena adawalandirira mu Africa muno. Pa 1 Febuluwale 1943, pochokera kukaponya ku Tunisia, B-17 yotchedwa All American idaombedwa ndi ndege ya Mjeremani, phiko lake n'kucheka thupi chopingasa pafupi ndi mchira. Mchira udatsala ukugwedezeka pa timizati tochepa, kuwala kukuoneka mbali ina kupyola pachilonda, koma Kendrick Bragg adaibweza mpaka ku Biskra, Algeria, onse 10 n'kutsika ndi miyendo yawo. Amisiri adaisoka, idaulukanso. Pa 1 Ogasiti chaka chomwecho ma B-24 oposa 170 adanyamuka ku Benghazi kukatentha malo oyengera mafuta ku Ploesti, Romania. Oposa 50 adatsala.

Koma tchulanso Lady Be Good, Msocherakuchipululu, amene mdani sadamulase n'kamodzi komwe. Pa 4 Epulo 1943 adanyamuka ku Soluch, pafupi ndi Benghazi, kupita ku Naples. Pobwerera usiku adapitirira bwalo lake osaliona, nalowa m'chipululu cha Libya makilomita 700, mafuta n'kutha. Anyamata 9 adalumpha akuyesa kuti pansi pali nyanja. Asanu ndi atatu adapezana, nayenda chakumpoto ndi kabotolo kamodzi ka madzi, sabata yathunthu pamchenga. Ndege idatera yokha chakumwera kwawo, muli madzi, muli wayilesi yogwira ntchito. Ofufuza mafuta adaiona mu 1958. Mafupa a anyamata adayamba kupezeka mu 1960.

Tsopano ombani m'manja chifukwa cha osauluka. Pitani pamsika mukaime pa mmisiri wa malata, uja wokhoma mbaula ndi ndowa. Muoneni akudula kachigamba ndi lumo lachitsulo, akukagoneka pachibowo, akuboola timabowo m'mphepete, akukhoma timisomali tofupika mpaka madzi asadonthe. Ntchito ya amisiri a pa Waddington idali imeneyo, panja, m'matope ndi m'chisanu, kusanache: kuwerenga zibowo, kudula aluminiyamu, kukhoma zigamba, kusintha injini, kutsuka magazi m'kachipinda ka kumchira ndi paipi ya madzi, kuti madzulo chilombo chinyamukenso. Manjaamafuta, Zalazong'aluka, Osavekedwamendulo! Ndiwo ankaima m'mphepete mwa bwalo akuwerenga ndege zotera. Ikasowa yawo ankakhalabe pamalo pake popanda kanthu mpaka dzuwa litakwera, pamene masamu a mafuta ankanena kuti kulikonse kumene ili, siili m'mwamba. M'nyumba zogona ena ankalongedza katundu wa osabwerera, kuchotsamo makalata amene angapweteke mayi kapena mkazi, bedi n'kupatsidwa mnyamata watsopano.

Pano mbalule ayende pang'onopang'ono, pakuti nkhani yagona apa. Akuluakulu a nkhondo ku America ankafuna kudziwa poti akhomepo chitsulo chochindikala, popeza ndege sungaiveke thupi lonse, ingalemere n'kukanika kunyamuka. Zibowo zinkawerengedwa pa ndege zobwerera: zambiri pathupi ndi m'mapiko, zochepa pa injini. Nzeru zapafupi zimati phimba pamene pachuluka mabala. Koma ku Columbia University, New York, kudali Abraham Wald, Myuda wothawa Hitler ku Vienna mu 1938, Mwerengazosaoneka. Mu 1943 iye adaonetsa ndi masamu kuti ndege zimene ankaziwerengazo ndi zimene zidapirira. Bala la paphiko ndege imabwera nalo kudzakuonetsani. Bala la pa injini simuliona, chifukwa mwini wake ali pansi pa nyanja. Pofunika kuphimba ndi pamene obwerera alibe chibowo. Wald mwiniyo adafa pangozi ya ndege ku India mu 1950.

Choncho, eni mudzi, musakhute ndi Reid ndi Alkemade. Amenewo adabwera kudzafotokoza okha. Gunda, tsikira kwa amene sadafotokoze.

Hamburg, Julayi 1943: moto udadzipangira mphepo yakeyake, n'kuzula mitengo, phula la mumsewu n'kusungunuka kugwira mapazi a othawa, anthu pafupifupi 40,000. Iwe Napolo wakumwamba, amene usiku wa pa 16 Meyi 1943 udatswa madamu a Möhne ndi Eder ndi bomba lodumphadumpha pamadzi! Ndege 19 zidapita, 8 zidatsala, anyamata 53 adafa, ndipo Angerezi adapanga kanema. Koma madzi ako adamiza anthu oposa 1,200, ambiri a iwo akaidi ndi ogwira thangata la Hitler, amayi ogwidwa kum'mawa kwa Ulaya, amene ankadikira iwe kuti uwamasule. Dresden, Febuluwale 1945: pafupifupi 25,000. Pforzheim, pa 23 Febuluwale 1945: Edwin Swales wa ku Inanda, Natal, injini ziwiri zitafa, adazungulirabe pamwamba pa mzinda kulondolera anzake poti aponye. Pobwerera adagwira chiwongolero mpaka onse a m'ndege yake atalumpha, iye n'kugwa nayo. Ngwazi, inde, ndipo Victoria Cross idamuyenera. Pansi pake, m'mphindi 22, mudafa anthu oposa 17,000.

Ine woimba ndinene zanga. Hitler adayenera kugonjetsedwa. Munthu amene adapha Ayuda 6 miliyoni, amene ndege zake zidayamba kutentha Warsaw, Rotterdam ndi Coventry, sakadaimitsidwa ndi kumunyengerera. Koma mwana wa ku Hamburg wophikidwa m'chipinda chapansi sadavotere munthu. Mphenzi za mfumu n'zolungama? Mphenzi sifunsa chiphaso pakhomo. Anyamata ndiwatamanda mpaka manja atatupa. Koma amene adakhala muofesi n'kusankha kuti mabomba agwere nyumba za anthu wamba, ng'oma yanga imudumpha.

Tsono wina afunse: za Mtsiliza zili pati pamenepa? Tindi! Tindi! Bwera kwathu, mbalule.

Iwe Chidyamkuwa! Mawaya ako ndi zipolopolo zako zidafuna mkuwa, ndipo mkuwa wambiri wa Britain unkachokera ku Nkana, Mufulira, Roan Antelope ndi Nchanga, kumene a ku Fort Jameson ndi a ku Nyasaland ankagwira ntchito pamodzi ndi Abemba. Mu Epulo 1940 antchito akuda atanyanyala kufuna malipiro, asilikali adawombera pa Nkana, 17 n'kufa. Iwe Chidyamabwalo! Oyendetsa zikwizikwi adaphunzirira kuuluka ku Belvedere ndi Cranborne ku Salisbury, ku Kumalo ku Bulawayo, ku Thornhill ku Gwelo, ndipo mabwalo amenewo adasalazidwa ndi makasu ndi mapiki a anthu akuda, ambiri otengedwa mokakamiza m'midzi. M'mizinda ndi m'mafamu omwewo mudali machona athu, okwera malole a Ulere, ophika, olima fodya, okumba m'migodi, ndege za ophunzira zikuwalira pamutu kuyambira m'mawa. Ndipo msuweni wako wamkulu, B-29 Enola Gay, pa 6 Ogasiti 1945 ku Hiroshima, adasenza bomba limodzi limene yureniyamu wake wambiri adakumbidwa ku Shinkolobwe, Katanga, kuseri kwa Copperbelt komweku.

Agogo athu sadangomva. Adagona pansi pa mabomba. Amuna pafupifupi 30,000 a Nyasaland adavala yunifolomu pankhondo ya Hitler. A bataliyoni yachiwiri ya asilikali a KAR adali pa Tug Argan ku Somaliland mu Ogasiti 1940, ndege za Italy za injini zitatu zikuwathira mabomba m'mapiri a miyala opanda mthunzi. Adapita ku Abyssinia, ku Madagascar, ku Ceylon, ndipo mu 1944 adatsika chigwa cha Kabaw ku Burma mvula ili pakati. Malungo, misundu, matope ofika m'mawondo, chakudya chikugwa kuchokera kumwamba m'ma Dakota, ma B-24 a Angerezi akupita kukagumula milatho ndi njanji za Ajapani. Inu Oyendamumvula, Owolokachindwin, Odziwakulira kwa ndege ya mpunga ndi ndege ya imfa! Obwerera adafika ndi mabuti, mendulo ndi nkhani za pamoto, ndipo mukaona mganda ukuguba ndi malipenga ake a zikho, mizere yoongoka, mapazi ogunda pamodzi, mukuona perete wa asilikali atalowa m'mudzi. Osabwerera, ena maina awo adalembedwa pa zipilala za manda a Taukkyan pafupi ndi Yangon, kutali kumene adzukulu sangapite kukasesa.

Nkhondo idatha mu 1945, koma chilombo chidasiya ana. Lincoln, mwana wako weniweni, adathira mabomba m'nkhalango za Aberdare ndi za phiri la Kenya pa nthawi ya Mau Mau, kuyambira 1953. Ufulu umene atate ake adamenyera ku Ulaya sudafulumire kufika kwa Akikuyu. Canberra, wa banja lina, wa injini za jeti, adaphulitsa misasa ya omenyera ufulu ya Chimoio pa 23 Novembala 1977, ndi ya Tembué ku Tete, dziko la Achewa anzathu, patangopita masiku awiri. Pa 19 Okutobala 1978 adafika pa msasa wa Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka. Eni Canberra ameneyu adali azungu omwe aja a kutsidya kwa Zambezi.

Ndipo DC-4, wa injini zinayi, mtundu wa ndege zimene zinkanyamula katundu ndi asilikali pankhondo yomweyo, ndiye ankatenga anyamata a Wenela. Pa 4 Epulo 1974 ina idagwa itangonyamuka pa Francistown, mafuta ake atasakanizika ndi a jeti, n'kupha anthu 78, oposa 70 a iwo Amalawi obwerera kwawo kuchokera kumigodi ndi masutukesi awo. Kamuzu adatseka ulendo wa Wenela chaka chomwecho. Za Chikangawa, 10 Juni 2024, Dornier ya asilikali athu, wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anzake 8, sindine wokuuzani. Mwambo wa maliro udachitikira pa Bingu National Stadium, poyenda ndi miyendo kuchokera pano. Usiku uja mudakhala pa wayilesi ndi pa mafoni. Mukudziwa nokha kudikira ndege imene mafuta ake adatha kale.

Gu! Gudugu! Gu! Iwe Chibwererandimabala, iwe Chitsalakunyanja, iwe Mdyaanaako!

Angerezi adazengereza zaka 67 kuimika chipilala cha anyamata awo a mabomba mu London. Chidatsegulidwa ku Green Park mu Juni 2012. Ma Lancaster otha kuuluka atsala awiri, wina ku Coningsby, England, wina ku Hamilton, Canada, ndipo mbiri ya aliyense idalembedwa kuyambira tsiku limene adatuluka m'fakitale. Nanga mbiri ya agogo anu a ku Burma ili m'buku liti? Chipilala cha asilikali chili pa Area 18 pompa, china ku Zomba pafupi ndi Cobbe Barracks, ndipo Lamulungu lachiwiri la Novembala chaka ndi chaka kumakhala mwambo wowakumbukira. Musadikire kuti wina achite kudzakulemberani. Madzulo ano pitani kwa azakhali kapena kwa amalume aakulu, mukhale pansi, mufunse: ndani wa m'banja mwathu adapita ku KAR, adanyamukira mudzi uti, adabwerera kodi? Lembani dzina, mfunda ndi mudzi m'kope la ana a sukulu, ndipo Novembala akubwerayu mupite nalo ku Area 18 mukaliwerenge mokweza.